Laputopu yanu sinakalambe, ikudikira chimbale

Teremu yatha mtsikana wina wa Fomu 3 anabwera kwa ine atanyamula laputopu m'chikwama cha nsalu. Anamutumizira ndi achimwene ake amene amagwira ntchito ku Joni, yogwiritsidwapo kale ntchito koma yooneka bwino ndithu. "Aphunzitsi, ikumachedwa kuyaka moti ndimangoiyatsa n'kupita kukatunga madzi," anatero. Kwawo ndi cha ku Ntaja, ndipo kumeneko wokonza mafoni wina anamuuza kuti vuto ndi ma virus. Anaifomata kawiri, mtsikanayo analipira kawiri, koma palibe chinasintha. Ulendo wachitatu anangomuuza kuti makinawo akalamba basi, auze achimwene ake atumize ina.

Ndinamuuza kuti aiyatse, kenako aike khutu pafupi ndi pamene timatsamiritsa manja tikamataipa. Anamvetsera kanthawi n'kuseka. "Mukumveka ngati kachigayo." Itamaliza kuyaka tinadina Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti titsegule Task Manager, n'kupita pa Performance. CPU inali phee, RAM isanadzaze, koma Disk inali pa 100% osatsika. Wolakwa tinamupeza pomwepo, ndipo sanali virus ayi. Ndi kachigayo kaja.

Kuti timvetsetsane, ganizani za kukhitchini. Purosesa, imene Task Manager imaitcha CPU, ndiye wophika. RAM ndi lichero limene lili pambali pa moto: ufa uli pomwepo, ungotapa, koma lichero ndi laling'ono, komanso magetsi akangozima zonse zimene zinali mu RAM zimafufutika. Ndiye pali nkhokwe, kosungira zinthu mokhalitsa: Windows yenweyo, mapulogalamu, manotsi anu, mapepala akale a MANEB, zithunzi za ku ukwati. M'malaputopu ambiri akale nkhokwe imeneyi ndi hard disk. Wophika angakhale wachangu bwanji, ngati nkhokwe ili kutsidya kwa Shire, nsima ichedwa.

Muli chiyani mu hard disk?

Muli chimbale chimodzi kapena ziwiri zosalala ngati galasi, zopangidwa ndi aluminiyamu kapena galasi lenileni, zokutidwa ndi kansalu kopyapyala kwambiri ka zinthu zogwira maginito. Pa chimbalepo pali timadera ting'onoting'ono mabiliyoni, ndipo kadera kalikonse kakhoza kulozetsedwa uku kapena uko ngati kamaginito kakang'ono. Ma 0 ndi ma 1 amene mumamva mu Computer Studies amasungidwa m'kalozedwe kameneka. Pamwamba pa chimbale pamayenda kamkono, ndipo kunsonga kwake kuli kamutu kowerenga ndi kulemba. Polemba, magetsi amadutsa mu koyilo n'kupanga mphamvu ya maginito, zomwe zija za electromagnet zimene tinachita ndi msomali, waya ndi batire.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Kampani ya IBM inatulutsa hard disk yoyamba mu 1956. Inali ndi zimbale 50, chilichonse chotambalala mainchesi 24, ndipo zonsezo pamodzi sizinkasunga ngakhale 5 MB. Nyimbo imodzi ya pafoni ikanaidzaza. Kuchokera nthawi imeneyo zimbale zachepa, zosungidwa zachuluka mosaneneka, koma chinthu chimodzi sichinasinthe: kuti uwerenge kanthu, kamkono kayende, chimbale chizungulire.

Apa ndiye tengani pensulo, tiwerengere limodzi. Hard disk ya laputopu nthawi zambiri imazungulira ka 5400 pa mphindi. Gawani ndi 60, mupeza ka 90 pa sekondi. Imeneyo ndi frequency, 90 Hz. Period ndi T = 1/f, ndiye kuzungulira kamodzi kumatenga 1/90 ya sekondi, pafupifupi mamilisekondi 11. Tsopano tembenuzani njinga ya kabaza, mulembe kachizindikiro ka choko pa tayala, mulizunguze, chala chanu chikhale malo amodzi. Nthawi zina chokocho chimakhala chatsala pang'ono kufika pa chala, nthawi zina changodutsa kumene ndiye mudikire chizungulire konse. Mukaphatikiza maulendo ambiri, mumadikira theka la kuzungulira. Kwa hard disk yathu theka limenelo ndi mamilisekondi 5.6. Onjezanipo nthawi imene kamkono kamatenga kuchoka pa mzere wina kupita pa mzere wina, imene pa ma hard disk a laputopu imakhala cha m'ma 12. Zonse pamodzi, mamilisekondi 17 kapena 18 kuti kamutu kangofika pamene pali chinthu chimene mukufuna.

Mwina mukuti, aphunzitsi, mamilisekondi 17 ndi chiyani, ngakhale kuphethira kumatenga nthawi yoposa pamenepo. Zoona. Koma funsani wophika uja. Purosesa ya 2 GHz imagunda ka 2 biliyoni pa sekondi. M'mamilisekondi 17 yagunda ka 34 miliyoni ikungodikira. Tiyerekeze kuti kugunda kumodzi ndi sekondi imodzi ya moyo wathu. Masekondi 34 miliyoni ndi masiku 393. Mwamutuma mwana kunkhokwe lero, akubwera ndi chimanga chaka chamawa mvula itagwa kale.

Ndipo kompyuta ikamayaka siwerenga fayilo imodzi yaikulu yondondozana. Ikanakhala imodzi bwenzi zili bwinoko, chifukwa kamutu kakafika pamalo, hard disk imatha kukoka cha m'ma 100 MB pa sekondi. Vuto n'lakuti Windows imafuna tizidutswa tambirimbiri tomwazikana pa chimbale ponse. Tingoyerekeza kuti ndi tizidutswa 10,000. Chulukitsani ndi mamilisekondi 17, mupeza masekondi 170, pafupifupi mphindi zitatu. Nthawi yokatunga madzi ija ndi imeneyo. Kufomata sikusintha liwiro la chimbale, n'chifukwa chake ndalama za mtsikana uja zinangopita pachabe.

Palinso china chimene chimandikhudza ine makamaka chifukwa cha misewu yathu. Kamutu kaja sikakhudza chimbale. Kamayandama pa kamphepo kamene chimbalecho chimakoka pozungulira, ndipo mpata wake ndi ma nanomita ochepa chabe, osafika 10. Tsitsi la munthu ndi lonenepa ma nanomita pafupifupi 70,000. Ndiye taganizani laputopu yosazimitsidwa bwinobwino, chimbale chikuzungulirabe, ili pamsana pa munthu amene wakwera kabaza mumsewu wafumbi wa mabampu, kapena yagwa pa benchi m'kalasi. Kamutu kakagunda chimbale kamakanda kansalu ka maginito kaja, ndipo zimene zinali pamenepo zapita. Mukamva hard disk ikuchita "tiki, tiki, tiki" mobwerezabwereza, koperani zinthu zanu tsiku lomwelo, osati mawa.

Nkhokwe yopanda choyenda

SSD ndi chidule cha solid state drive. Mukaitsegula simupezamo chimbale, mota kapena kamkono. Muli kabolodi kobiriwira kapena kakuda ndi ma chip ochepa, abale ake a zimene zili mu fulashi ndi mu memori khadi ya pafoni, kungoti ndi apamwamba ndipo ali ndi kapurosesa kawokawo kowayang'anira. Mtundu wa memori imeneyi umatchedwa NAND flash. Anaupanga ndi Fujio Masuoka ndi anzake ku kampani ya Toshiba ku Japan, ndipo anaulengeza mu 1987.

Mu chip iliyonse muli timatransistor mabiliyoni, ndipo kalikonse kali ndi kachipinda kotchingidwa mbali zonse ndi insulator. Mukatsekeramo ma elekitironi, amakhala momwemo ngakhale magetsi atazima, chifukwa alibe potulukira. Powerenga, SSD imayesa kuona kuti pakufunika voteji yochuluka bwanji kuti transistor ilole magetsi kudutsa. Ngati m'kachipinda muli ma elekitironi ambiri, pamafunika voteji yokwererapo. Ma SSD ambiri a masiku ano amasiyanitsa milingo 8 m'kachipinda kamodzi, ndiye kamasunga ma bit atatu.

Wophunzira watcheru afunsa pano: ngati kachipindako n'kotchingidwa ndi insulator, ma elekitironiwo amalowamo bwanji? Funso limeneli ndimalikonda, chifukwa yankho lake silili mu silabasi ya MSCE, koma ndi lokoma. Khoma la insulator lija ndi lopyapyala ma nanomita ochepa. Pa tinthu tating'ono chonchi elekitironi siichita ngati kamwala kogendedwa kukhoma. Imachitanso ngati funde, ndipo mukaika voteji yamphamvu pali mwayi woti ipezeke kuseri kwa khoma popanda kuliboola. Dzina lake ndi quantum tunnelling. Nthawi iliyonse mukasunga chithunzi pafoni, zimenezi zimachitika m'manja mwanu. Amene mudzapite kukachita physics ku Zomba kapena ku MUST mudzakumana nazo ndi masamu ake omwe.

Popeza palibe choyenda, SSD imafika pa chinthu chimene mukufuna m'nthawi ya pafupifupi 0.1 ya milisekondi, ndipo zilibe kanthu kuti chinthucho chili pati. Bwererani ku chiyerekezo chathu chija. Purosesa ya 2 GHz imagunda ka 200,000 m'nthawi imeneyo, omwe pa wotchi yathu yoyerekeza ndi masiku awiri ndi maola ochepa. Kuchoka pa chaka kufika pa masiku awiri. Tizidutswa 10,000 tija tsopano tikutenga sekondi imodzi. Otsatsa malonda amakonda kulemba ma MB pa sekondi ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, koma chimene chimadzutsa laputopu yakale ndi kutha kwa kudikiraku.

SSD nayonso ili ndi zofooka zake, ndisakunamizeni. Kukankha ma elekitironi kudutsa khoma lija kumaliperepesa pang'onopang'ono, ndiye kachipinda kalikonse kali ndi malire a maulendo amene kangalembedwe ndi kufufutidwa. Kapurosesa ka mu SSD kamadziwa zimenezi, ndipo kamasinthasintha malo olembapo, ngati mayi amene amatembenuza mphasa kuti isathe mbali imodzi. Opanga amalemba malirewo ndi nambala yotchedwa TBW. Mwachitsanzo Samsung 870 EVO ya 250 GB ili ndi 150 TBW, kutanthauza ma terabyte 150 olembedwa. Mutamalemba 20 GB tsiku lililonse, zimene wophunzira sangafikepo kawirikawiri, zingatenge masiku 7,500, zaka zoposa 20. Kiyibodi ndi batire zidzatha kale SSD isanatope.

Chofooka chimene chikutikhudza ife a kuno ndi kutentha. Ma elekitironi otsekeredwa aja amathawa pang'onopang'ono, ndipo kukatentha amathawa msanga. Muyezo umene makampani amatsata umati SSD imene yafika pa malire ake olembedwa iyenera kusungabe zinthu kwa chaka chimodzi popanda magetsi pa 30°C. Yatsopano imapirira kuposa pamenepo. Koma inu mukudziwa mmene nyumba ya malata imakhalira ku Liwonde kapena ku Balaka mu Okutobala. SSD ndi yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, si yoika zithunzi za banja n'kuitsekera mu sutikesi zaka zisanu. Komanso ikamafa kawirikawiri siichenjeza ndi phokoso ngati hard disk. Dzulo inali bwino, lero kompyuta ikuti palibe disk, ndipo kubwezeretsa zimene zinalimo n'kovuta kwambiri.

Ena amati SSD imachititsa kuti batire lizikhalitsa. Limakhalitsako pang'ono, popeza palibe mota yozunguza chimbale, koma sikirini ndi purosesa ndi zimene zimadya moto wambiri, ndiye musayembekezere zozizwitsa. Phindu lenileni lili pa nthawi. Amene munalipo mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW, mukukumbukira mmene tinkathamangira kutchaja magetsi akangobwera. Ngati batire lanu lotopa limangopirira theka la ola, mphindi zitatu zoyaka ndi zina zodikira Word kuti itseguke ndi gawo lalikulu la nthawi yanu yowerenga.

Musanapemphe ndalama kunyumba

Choyamba chitani zimene tinachita ife: Task Manager, Performance. Pa Windows 10 ndi 11 zatsopanopo pamalembedwa pomwepo ngati disk yanu ndi HDD kapena SSD. Ngati ndi HDD ndipo imakhalira pa 100%, nkhani ino ndi yanu. Ngati Memory ndi imene yadzaza, makamaka pa laputopu ya 4 GB, SSD ithandizabe, koma muganizirenso zowonjezera RAM. Ngati makina akutentha, fani ikulira ngati ndege, limenelo ndi fumbi la chilimwe lodzaza m'kati, ndipo mankhwala ake ndi kupukuta, osati kugula chinthu. Pali timalaputopu tina totchipa ta 32 GB kapena 64 GB timene memori yake, yotchedwa eMMC, inawotcheredwa pa bolodi. Tambiri mwa timeneti tilibe polowetsa SSD.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene anthu amataya ndalama: ma SSD sali a mtundu umodzi. Ngati laputopu yanu ili ndi hard disk wamba, ilowa SSD ya mainchesi 2.5 ya SATA, yofanana kukula ndi hard disk yomweyo, polumikizira pake pomwepo. Malaputopu atsopanopo ali ndi polowetsa kabolodi kakatali ngati chala, kotchedwa M.2. Mukaona nambala 2280, ikutanthauza mamilimita 22 m'lifupi ndi 80 m'litali. Msampha uli apa: ma M.2 ena ndi a SATA, ena ndi a NVMe, ndipo kungoti kalowa sizitanthauza kuti kagwira ntchito. Tembenuzani laputopu, lembani nambala ya model yonse, muifufuze pa intaneti musanagule. SATA imathera cha m'ma 550 MB pa sekondi, pomwe NVMe imafika 3,500 ngakhale kuposa. Koma pa ntchito ya sukulu kusiyana kumeneko simudzakuona kwenikweni. Kudumpha kwakukulu n'kuchoka pa chimbale.

Kukula kwake, ine ndimati 256 GB ikukwanirani. Ya 128 GB imathina msanga Windows ikangokhalamo ndi ma update ake. Mukailumikiza n'kuona kuti ya 256 ikuonetsa 238, musakalimbane ndi wogulitsa. Opanga amawerenga GB imodzi ngati ma byte 1,000,000,000, pomwe Windows imawerenga m'magulu a 1024. Gawani 256 biliyoni ndi 1024 katatu muone.

Mitengo imayendera dola, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zoterezi sizikhazikika, ndiye funsani m'mashopu angapo ku Zomba, ku Limbe kapena ku Blantyre. Amene muli ndi abale ku Joni, SSD ndi yopepuka kuposa foni, ikhoza kulowa mu katundu amene akutumiza. Chenjerani ndi yotchipa modabwitsa. Pali zachinyengo zimene zimanena kuti ndi 1 TB koma m'kati muli kamemori kakang'ono, ndipo kakadzaza mafayilo anu amayamba kuwonongeka mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza disk yonse n'kuiwerenganso, bodza limaonekera. Ina yotchedwa CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene disk yagwira ntchito, ndiye ngati akuti ndi yatsopano koma ikuonetsa maola masauzande, mwadziwa.

Tsiku losintha

Musanagwire sikuluu ngakhale imodzi, koperani zonse zofunika pa fulashi kapena pa kompyuta ina, ndipo mutsegule mafayilo angapo kuti mutsimikize kuti akoperadi. Ine ndinataya mayeso a teremu yathunthu amene ndinali nditakonza, nthawi imene ndinkayamba kumene uphunzitsi, chifukwa choti "ndikopera ndikamaliza". Sindinamalize.

Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kukopera disk yonse mmene ilili, Windows ndi mapulogalamu omwe, pogwiritsa ntchito kachingwe ka USB kolumikizira SSD panja ndi pulogalamu ngati Clonezilla, imene ndi yaulere. Zimene zili pa hard disk ziyenera kukwana mu SSD, ndiye ngati mukuchoka pa 500 GB kupita pa 256, mafilimu aja ayambe achoka, ndipo gawo la Windows liyambe lachepetsedwa. Samalani posankha kuti gwero ndi liti, kolandira ndi kuti. Mukatembenuza, mukopera disk yopanda kanthu pamwamba pa zinthu zanu zonse. Njira yachiwiri ndi kuika Windows yatsopano kuchokera pa fulashi ya 8 GB. Ine ndimakonda imeneyi chifukwa zinyalala za mwini wake wakale zimatsala, koma imadya bandulo ya ma GB angapo, ndipo mapulogalamu olipira amene munawapeza m'makinamo, monga Office, akhoza osabwereranso. Laisensi ya Windows 10 ndi 11 nthawi zambiri imamangiriridwa ku bolodi ya laputopu, ndiye imadzibwerera yokha mukalumikiza intaneti. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kupereka ma update aulere a nthawi zonse a Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo SSD singachititse laputopu ya purosesa yakale kukhala yoyenera Windows 11. Kwa makina oterowo Linux Mint ndi yaulere ndipo imayenda bwino.

Potsegula, zimitsani kwenikweni, osati kungotseka chivindikiro. Zulani chaja, chotsani batire ngati limachoka, ndipo ngati lili m'kati, chinthu choyamba mukatsegula chikhale kuzula kachingwe kake. Mukukumbukira chipeso chopakidwa m'tsitsi chikunyamula tizidutswa ta pepala? Thupi lanu limasunga magetsi omwewo, makamaka nyengo youma, ndipo akhoza kufika ma volt masauzande inu osamva kanthu, pomwe chip imagwira ntchito ndi ma volt ochepa. Gwirani chitsulo chachikulu musanayambe, musagwirire ntchito pa bulangete, ndipo kabolodi muzikagwira m'mbali. Jambulani laputopu papepala n'kuika sikuluu iliyonse pamalo pake, chifukwa sizofanana kutalika, ndipo yaitali ikalowa polakwika imaboola. Hard disk imatuluka poikankhira chambali, osati kuizula chokweza. Chikakana, pali sikuluu ina imene simunaione. Ngati manja akunjenjemera, itanani aphunzitsi a Computer Studies, palibe chamanyazi.

Ikayamba kuyenda, musaidzaze mpaka pakamwa. Siyani gawo limodzi mwa magawo asanu lopanda kanthu kuti kapurosesa kaja kakhale ndi potembenuzira mphasa. Za defragment muiwale, zinali zothandiza kamkono kuti kasamayende mitunda, ndipo pano kamkono kulibe. Hard disk yakale musataye ngati ili yamoyo. Igulireni kabokosi ka USB, ikhale nkhokwe yachiwiri yosungira makope, yokhala panyumba, osati yoyenda nayo pa kabaza.

Achimwene a mtsikana uja anatumiza SSD ya 256 GB m'malo mwa laputopu ina. Tinaiika Lachisanu lina titaweruka, anzake anayi ataunjikana pa tebulo, wina atagwira foni yowerengera nthawi. Ndi hard disk inkatenga mphindi ziwiri ndi masekondi 50 kuti ifike poti n'kutsegula Word. Ndi SSD inatenga masekondi 21. Iye anaikanso khutu pamalo paja, n'kunena kuti chigayo chatseka.

Ntchito yanu nayi. Ma hard disk ena amazungulira ka 7200 pa mphindi. Pezani frequency, period, ndi nthawi ya theka la kuzungulira. Kenako onjezani mamilisekondi 12 a kamkono, muone kuti mota yothamangayo yapulumutsa masekondi angati pa tizidutswa 10,000 tija.